Ndikufuna kumva Chitchaina cha amisiri a mafoni, ndiyambire pati?

Kondwani_waMufakose

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu chaka chathunthu osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi langa.

Ndimakonza mafoni m'tauni muno mu Harare, chakufupi ndi Gulf Complex, pa katebulo kamene timagawana anthu atatu. Ndimakhala ku Mufakose kwa agogo anga aakazi amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mtsikana, ndipo Chichewa ndikulembachi ndinayamwa kwa iwo. Ntchitoyi ndinayamba mu 2019 ndi kusintha masikirini ndi mabatire. Zimenezo aliyense pa mzere wathu amatha, ndiye phindu lake ndi lochepa kwambiri. Ndalama ili pa bodi, kabolodi ka m'kati mwa foni pamene pamakhala tizipangizo ta magetsi: foni yagwa m'madzi, foni sikuyaka, foni ikutentha ukaiika pa tchaja. Amene amatha zimenezo pa mzere wathu ndi bambo mmodzi yekha, ndipo tonse timamutumizira makasitomala athu.

Odziwadi ntchito ya bodi ndi amisiri a ku Shenzhen, ku msika wa Huaqiangbei kumene zipangizo zathu zambiri zimachokera. Amaika mavidiyo pa Bilibili, webusaiti ya mavidiyo ya ku China. Munthu waika bodi pansi pa maikulosikopu, akuyeza ndi mita, akulankhula osapuma mphindi 20. Manja ake ndimawaona bwinobwino. Koma chifukwa chimene wayezera apa osati apo chili m'kamwa mwake, ndipo ine sindimva kalikonse. Mwezi watha ndinaonera vidiyo imodzi kasanu, ndinachotsa kapasita yomweyo imene iye anachotsa, foni ya mayi wina osayaka. Patapita masiku, mnyamata wina womva Chitchaina pang'ono anandiuza kuti koyambirira kwenikweni mmisiriyo ananena kuti ngati mita ikuonetsa nambala ina, vuto silili pamenepo, musachotse kanthu. Zinandipweteka chifukwa mayi uja anali ndi zithunzi za malemu amuna awo m'foni imeneyo.

Chachiwiri ndi oda. Amene ndimagulako zinthu amanditumizira mavoisi pa WeChat, apu ya mameseji ya ku China. WeChat imatha kuwasandutsa malemba n'kumasulira, koma Chingerezi chake chimatuluka chopindika pa mawu amene ali ofunika kwambiri. Ndinaitanitsapo masikirini 30 ndikuganiza kuti ndi orijino, anabwera ena. Nditabwerera ku meseji yake ndinapeza kuti iye ananena zoona, ine ndiye sindinamve.

Ndinayesapo apu ina yolipira. Miyezi itatu ndikutulutsa madola mwezi ndi mwezi, ikundiphunzitsa kuti ndimakonda maapozi, mlongo wanga ndi namwino. Inkafuna intaneti nthawi zonse, ndipo nditasiya kulipira mawu onse amene ndinasonkhanitsa anatsekeredwa m'menemo.

Zimene ndili nazo ndi laputopu yakale ya 4GB RAM yokhala ndi Windows, foni ya Android, ndi wifi ya kushopu imene timasonkherana. Kunyumba magetsi nthawi zambiri amabwera usiku kwambiri n'kupita m'bandakucha. Nthawi yanga yeniyeni ndi ya mu kombi, pafupifupi mphindi 40 popita, 40 pobwera.

Ndamva kuti kuli mapulogalamu a open source, aulere, amene munthu angaphunzire nawo kuchokera pa mavidiyo ndi mameseji enieni, osati ziganizo zopeka. Alipo amene anawagwiritsapo ntchito kuno ku Harare, ndi magetsi athuwa? Ndiyambire pati? Sindikufuna satifiketi. Ndikufuna ndimve zimene mmisiri uja akunena.

Naphiri_womasulira

A Kondwani, njira imene mwalongosolayi ine ndinadutsamo, kungoti zanga zinali za mgodi. Ndimamasulira pa mgodi wina wa lithium chakum'mawa kwa Harare. Chitchaina ndinayambira ku Confucius Institute ya pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ndinakhoza HSK 4, gawo lachinayi la mayeso a Chitchaina, limene pa mayeso akale aja linkafuna mawu 1,200. Aphunzitsi anandipatsa maziko abwino ndipo ndimawathokoza. Koma tsiku loyamba pa ntchito injiniya anandiuza za lamba wonyamula miyala amene anaduka, ndipo pa mawu khumi ndinatolapo awiri. Chitchaina cha mgodi ndinachiphunzira pa mgodi pomwepo. Choncho maganizo anu ndi olondola.

Komabe ndikuchenjezeni, achimwene. Mukalowa mu vidiyo ya mphindi 20 lero lomwe musanadziwe pinyin, mumira. Tengani masabata awiri kapena atatu pa pinyin, kalembedwe ka mawu a Chitchaina ndi zilembo zathuzi, komanso pa matoni anayi aja. Matoni si chinthu choti mudzakonza pambuyo. Kugula ndi mǎi, mawu amatsika n'kukwera. Kugulitsa ndi mài, mawu amagwa. Inu ndinu munthu wa malonda, mukuona nokha mmene zingathere. Musaope, chifukwa khutu la Mchewa linazolowera kale: mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba mofanana koma sitimatchula mofanana, ndipo palibe amasokoneza. Kusiyana kwake n'koti ife sitinauzidwepo kusukulu kuti timachita zimenezo.

Pulogalamu imene sindingaisiye ndi Anki. Anailemba Damien Elmes, inatuluka mu 2006, ndipo ndi ya open source. Ndi ya makadi: kutsogolo funso, kuseri yankho. Nzeru yake ili pa nthawi. Khadi limene mwalikumbukira mosavuta imalikankhira kutsogolo, masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Limene mwaliiwala imalibweza msanga. Ndiye simutaya nthawi kubwereza zimene mukudziwa kale. Pa Android ikani AnkiDroid, ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, ya mu kombi imeneyo. Ya pa iPhone yokha ndiyo yogula. Makadi ndi anu, mutha kuwatulutsa ngati fayilo imodzi n'kusunga pa fulashi. Zija anakuchitani a apu yolipira sizingachitike.

Musadawunilode mulu wa makadi 5,000 opanga anthu ena n'kumati mwayamba. Tengani kamulu kakang'ono ka mawu 300 oyambirira, a HSK 1 ndi 2 ya mayeso akale aja, kuti mukhale ndi "ine", "iwe", "palibe", "chifukwa", "ngati". Kuchoka apo makadi azichokera pa tebulo lanu. Lamulo langa ndi loti khadi lililonse likhale chiganizo chathunthu chimene munachimva kwa munthu weniweni, ndipo mukhale mawu amodzi okha achilendo. Chiganizo chokhala ndi mawu achilendo anayi chisiyeni, mudzachipeza mwezi wamawa chitafewa.

Makadi atsopano asapitirire 10 pa tsiku. Ine ndinayamba ndi 40 chifukwa cha changu, patatha masabata awiri ndinkadzuka makadi oposa 300 akundidikira, ndinasiya mwezi wathunthu.

Chinthu chimene chikupatseni mtima ndi ichi. Ntchito yanu ndi yopapatiza, ndipo zilembo zake zimabwerezabwereza. Onani 电, diàn, magetsi. Batire ndi 电池, kutchaja ndi 充电, voteji ndi 电压, karenti ndi 电流, kapasita ndi 电容, rezisita ndi 电阻. Chilembo chimodzi chakutsegulirani mawu asanu ndi amodzi. Boma la China mu 2013 linatulutsa mndandanda wa zilembo 8,105, ndipo gawo loyamba la zofala lili ndi 3,500, koma inu simukufunika zonsezo kuti mumve munthu akuyeza bodi. Kulemba ndi cholembera musavutike nako panopa. Pa foni mumataipa pinyin, zilembo zimabwera, inu n'kusankha. Chofunika ndi kuzizindikira.

Pa masikirini aja, mawu atatu muwaloweze lero: 原装 yuánzhuāng ndi orijino, 拆机 chāijī ndi chochotsa m'foni ina, 国产 guóchǎn kwenikweni amatanthauza chopangidwa m'dziko momwemo, koma pa msika wa zipangizo ndi mmene amatchulira zosakhala orijino. Makina omasulira amangoti chopangidwa ku China, inu n'kumati zonse zimapangidwa komweko. Ndikukhulupirira kuti pamene munagwera ndi pamenepo. Ndiponso samalani manambala. Iwo amawerenga ndi wàn, amene ndi 10,000, ndiye sān wàn ndi 30,000 osati 3,000.

Chisale_Avondale

Achimwene, ine ndimalemba mapulogalamu, ndinabwera ku Harare kuchokera ku Blantyre zaka zinayi zapitazo. Chitchaina changa sichifika pa cha achemwali a Naphiri, koma mbali ya makina ndikhoza kuthandiza.

Poyamba ndimasule mawu, chifukwa ambiri amasokoneza. Chaulere ndi cha open source si chimodzi. Open source ndi pulogalamu imene malemba ake onse ali poyera, aliyense akhoza kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena, ndipo laisensi yake imalola zimenezo. Mwini wake akatopa, ena amaitola. Zinachitika ndi Yomichan, dikishonale ya mu browser imene ophunzira Chijapani ankaikonda: mwini wake atasiya, anthu anaipitiriza ndi dzina la Yomitan, ndipo pano imagwira zinenero zina kuphatikizapo Chitchaina. Pleco, imene pafupifupi aliyense wophunzira Chitchaina ali nayo, si ya open source, koma mbali yake yaikulu ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Ikani basi, palibe cholakwa.

Pansi pa zida zambiri zaulerezi pali dikishonale imodzi, CC-CEDICT. Anaiyamba Paul Denisowski mu 1997 ndi dzina la CEDICT, pano ili ndi mawu oposa 120,000, ndipo anthu wamba ndi amene amawonjezera. Imamasulira m'Chingerezi. Extension yotchedwa Zhongwen, ya Chrome ndi Firefox, imagwiritsa ntchito yomweyo. Mukaloza kachilembo ndi mbewa ya kompyuta, pamatuluka kabokosi kokhala ndi pinyin ndi tanthauzo. Dikishonaleyo imakhala m'kompyuta mwanu, siidya data. Yambani ndi imeneyi mawa lomwe, muziloza mitu ya mavidiyo ndi makomenti a pansi pake. Makomenti a amisiri anzake nthawi zina amaphunzitsa kuposa vidiyo.

Tsopano vidiyo. Vuto la Bilibili ndi loti mavidiyo ambiri ali ndi ma subtitle omatidwa pa chithunzi, oti simungawakopere, ndipo ena alibiretu. Ine ndimachita chonchi. Ndikakhala pa wifi ndimadawuniloda ndi yt-dlp, imene imatha Bilibili ndi YouTube yomwe. Sankhani 480p kuti musamalize wifi ya anzanu, kupatula pamene mukufuna kuona timizere ta bodi. Kenako ndimapatsa Whisper kuti amvetsere n'kulemba zimene zikunenedwa. Whisper anatulutsa ndi a OpenAI mu September 2022 ndi laisensi ya open source yotchedwa MIT, ndipo Georgi Gerganov anaipanganso kukhala whisper.cpp, imene imayenda pa kompyuta wamba popanda intaneti. Simukufunika kulemba makodi. Pulogalamu ya Subtitle Edit, ya Windows, nayonso ya open source, ili ndi Whisper m'kati, mumangodina. Whisper ali ndi mamodelo osiyana kukula: pa 4GB yanuyo tengani ya small, ndi pafupifupi 500MB, mumadawuniloda kamodzi kokha. Ya base imathamanga koma imaphonya kwambiri pa Chitchaina. Ya large musaiyese n'komwe. Iyenda pang'onopang'ono, ndiye magetsi akabwera usiku ikani vidiyo, kagoneni, m'mawa mupeza fayilo ya .srt, ndiwo ma subtitle a vidiyoyo.

Nthawi zina Whisper amalemba zilembo zachikale, zimene amagwiritsa ntchito ku Taiwan ndi Hong Kong, pamene inu mukufuna zophweketsedwa za ku China. OpenCC imasintha zimenezo nthawi yomweyo.

Mukakhala ndi vidiyo ndi .srt, tsegulani zonse mu asbplayer. Ma subtitle amakhala malemba enieni mu browser, ndiye Zhongwen imagwira pa iwo. Mukapeza chiganizo chabwino mumadina batani, imadula mawu a munthuyo, imajambula chithunzi cha pamenepo, n'kutumiza zonse ku Anki ya pa laputopu kudzera m'kachida kotchedwa AnkiConnect. Khadi lanu limakhala ndi liwu la mmisiri yemweyo ndi chithunzi cha mita yake. Mukafika kushopu mumalumikiza ndi AnkiWeb, posungira makadi a Anki pa intaneti, makadi amalowa m'foni. Ena amakonda mpv ndi mpvacious, ntchito yake ndi yomweyo koma kuikonza kumafuna kuleza mtima.

Pa zowerenga zazitali pali Lute. Mumaikamo nkhani iliyonse, imapaka mitundu mawu malinga ndi mmene mukuwadziwira, ndipo imakumbukira kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina. Chitchaina sichisiya mipata pakati pa mawu, ndiye pamafunika kachida kodula, ndipo kotchuka ndi jieba, dzina lake limatanthauza chibwibwi. Kamadula bwino mawu wamba, koma a ntchito yanu kazidula molakwika nthawi zina. Lute imafuna kuti muikenso Python, chinenero cholembera mapulogalamu. Mukakanika ndiuzeni.

Ziwiri zomaliza. Mavidiyowo ndi thukuta la eni ake, muziphunzirira nokha, osawaikanso pa TikTok ngati anu. Ndipo mavoisi a amene mumagulako zinthu musamawakweze pa mawebusaiti omasulira amene simukuwadziwa, muli mitengo ndi maadiresi. Ubwino wa whisper.cpp ndi womwewo, zonse zimathera m'laputopu mwanu.

Bambo_Mbewe_Highfield

Mwana wanga Kondwani, zamakompyutazi ine sindilowererapo, anzakowa akuuza. Ndikufuna ndikuuze za pakamwa.

Ndili mnyamata ndinagwira ntchito pomanga National Sports Stadium, imene Matchaina anamanga n'kutsegulidwa mu 1987. Ndinkasunga makiyi a stolo ya simenti ndi zitsulo. Pambuyo pake ndagwiranso ndi Matchaina pa malo ena omanga. Buku ndinalibe, ndinkangomvetsera n'kubwereza. Chimene chinkandidabwitsa n'choti akapitawo aja ankandimva ine msanga kuposa anzanga, ngakhale amene anapita patali ndi sukulu. Chifukwa chake ndachidziwa posachedwa, mdzukulu wanga atandionetsa pinyin.

Ife timasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, kucha ndi kutcha. Kamphepo kamene kamatuluka pa ph, th, kh ndi tch ndi kamene Matchaina amasiyanitsira mawu awo. Koma analemba mosiyana ndi ife, ndiye maso amakunamiza. Pamene alemba b, iwe tchula p wathu wa pala. Pamene alemba p, tchula ph wa phala. Pa d tchula t wa tate, pa t tchula th wa thumba. Pa g tchula k wa kola, pa k tchula kh wa khola. Kuyatsa foni alemba kāijī, iwe nena ngati khai chii. Mdzukulu wanga anandiphunzitsa ziganizo ziwiri zimene amayesera ana a sukulu: dùzi bǎo le, mimba yakhuta, ndi tùzi pǎo le, kalulu wathawa. Kusiyana kwake ndi kamphepo kokhako. Mchewa amazitha tsiku loyamba. Ng ya kumapeto kwa mawu awo ndi ng' wathu wa ng'ombe, osamveka g.

Pamene timagwa ife ndi pawiri. Timakonda kukoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga timachitira m'Chichewa, ndipo tikatero toni yawo imawonongeka. Komanso l ndi r kwa ife ndi amodzi, kwa iwo ayi.

Ndiye iwe ukamaonera mavidiyo akowo, usamangoonera ndi maso ndi kudina mabatani. Imitsa, bwereza mokweza chiganizo chonse mmene wanenera mwini wake, ndi mkwiyo wake womwe ngati wakwiya. Ndipo Loweruka lina kwera kombi upite ku Longcheng Plaza ku Belvedere, ukagule kanthu kakang'ono, ukafunse mtengo m'chinenero chawo. Ena adzakuyankha m'Chingerezi, ena adzasangalala. Usadabwe ukapeza kuti salankhula ngati mawu a m'foni. China ndi dziko lalikulu, aliyense ali ndi lilime la kwawo, monga wa ku Nsanje ndi wa ku Kasungu.

Agogo ako uwapatse moni. Dedza ndi kwathu kwa amayi anga.

Naphiri_womasulira

Bambo Mbewe, zikomo, za ph ndi kh zimenezi ndikanauzidwa chaka choyamba ndikanapulumuka miyezi yambiri.

A Chisale, zonse mwanenazi ndi zoona, koma ndili ndi nkhawa. Mwatchula mapulogalamu oposa khumi kwa munthu amene sanayambe pinyin. Ndaonapo anthu akutha mwezi wonse akukonza zida, khadi limodzi osabwereza. A Kondwani, mwezi woyamba AnkiDroid, Pleco ndi Zhongwen zakwana. Whisper abwere mukakhala ndi mawu 300 aja, chifukwa amalakwitsa, ndipo munthu wosadziwa kanthu amaloweza zolakwikazo osazindikira. Ndiponso kuseri kwa khadi lembani m'chinenero chimene mumaganizira pa tebulo panu. Ngati magetsi akadutsa njira yachidule pa bodi mumati "shoti", lembani "shoti". Palibe chifukwa chodutsira m'Chingerezi cha m'buku.

Chisale_Avondale

Ndavomera, achemwali. Lute aisiye kaye. Koma yt-dlp aike msanga, chifukwa mavidiyo ena amachotsedwa.

Kondwani_waMufakose

Pepani ndinakhala chete, ndinafuna ndibwere ndi zooneka. Papita masabata asanu ndi awiri.

Ndinatsata za achemwali a Naphiri. Masabata atatu oyamba anali a pinyin ndi mawu oyambirira basi, mu kombi ndi mahedifoni. Bambo Mbewe, zimene munanena zinagwira. Ndinalemba pa kapepala b=p, p=ph, d=t, t=th, g=k, k=kh n'kumata pa khoma pamwamba pa chowotcherera. Moni wanu ndinapereka, agogo akufunsa kuti amayi anu anali a mudzi uti. Usiku wina ndikuyeserera mǎi ndi mài pakhonde, iwo ali m'khitchini anandiuza kuti kachiwiri ndi kachitatu ndanena zofanana. Chitchaina sadziwa ngakhale liwu limodzi, koma anamva. Kuyambira tsiku limenelo ndimawaimbira mawu a m'foni kenako anga, iwo n'kunena ngati zafanana.

Sabata yachinayi ndinaika Subtitle Edit ndi Whisper. Vidiyo ya mphindi 15 imatenga pafupifupi ola pa laputopu yanga, ndipo kawiri magetsi anapita isanamalize, batire ya laputopu nayo ndi yotha. Tsopano ndimadula vidiyo m'zidutswa za mphindi zisanu, chidutswa chikatha chatha. Asbplayer inandivuta masiku awiri chifukwa sindinadziwe kuti Anki ya pa laputopu iyenera kukhala yotsegula kuti AnkiConnect igwire. Amene akubwera m'mbuyo mwangamu adziwe zimenezo.

Achemwali munanena zoona kuti Whisper amalakwitsa. Pa mawu wamba ali bwino, koma pa mawu a ntchito amalemba zilembo zina zomveka mofanana. Ndiye ndimasankha mavidiyo amene ali ndi ma subtitle omata aja, n'kumayerekeza zimene makina alemba ndi zimene mwini wake analemba. Zikasiyana ndimakhulupirira mwini wake n'kukonza. Poyamba ndinkaona ngati kutaya nthawi, koma mawu amene ndakonza ndi manja anga ndi amene sakuchoka m'mutu.

Dikishonale nayo ili ndi malire ake. Mmisiri wina ankangoti 字库, zìkù, akuloza tchipi. Kabokosi kankandiuza za nkhokwe ya zilembo, ine n'kumadabwa kuti zilembo zikulowa bwanji pa bodi. Nditaona mavidiyo atatu akuloza tchipi chomwecho ndinazindikira kuti ndi mmene amisiri amatchulira tchipi chosunga zinthu m'foni, chimene ife timati eMMC. Chimodzimodzi 飞线, fēixiàn, waya wouluka, ndi kajampa kathu kaja. 尾插, wěichā, ndi potchajira. Mawu oterewa ndawapangira mulu wawokha, kuseri ndalemba m'Chichewa chosakaniza ndi mawu a pa mzere wathu.

Makadi onse pamodzi ndi 412, mwa amenewo 130 ndi ochokera m'mavidiyo. Vidiyo yonse sindinafike poimva, ndinene zoona, mwina ndimatola chiganizo chimodzi pa zinayi. Koma zimene ndimatolazo ndi zija ndinkazisowa: 如果, ngati, 不是, si zimenezo, 先, choyamba, 不要, musachite. Lachiwiri lapitali kunabwera foni yotha batire msanga ili yozimitsa. Ndinasaka pa Bilibili ndi mawu akuti 漏电, lòudiàn, kudontha kwa magetsi, pamodzi ndi dzina la foniyo. Mmisiri anati choyamba yezani apa, ngati palibe shoti musakhudze mbali ino. Ndinamva ndi makutu anga, ndinaimitsa vidiyo, ndinayeza, shoti panalibe, ndinapita mbali inayo. Foni ija mwini wake anadzaitenga Lachinayi ikugwira. Aka kanali koyamba kusatumiza ntchito ya bodi kwa bambo uja.

Kwa amene ndimagulako ndinalemba ndekha kuti 这个是原装还是国产, ichi ndi orijino kapena ayi. Anayankha ndi voisi, ndipo ndinamva chāijī ndisanadine pomasulira.

A Chisale, anzanga awiri a pa tebulo akufuna makadi a mawu a ntchito aja. Ndingawapatse bwanji popanda kuwapatsa mbiri yanga yobwerezera?

Ndipo achemwali a Naphiri, ndithandizeni apa. Pali mmisiri mmodzi amene ndimamukonda kwambiri chifukwa amafotokoza modekha, koma alibe ma subtitle. Amanena mawu omveka ngati "lèicún" kambirimbiri akuloza pafupi ndi CPU, tchipi chimene ndi ubongo wa foni. Whisper amalemba zosiyanasiyana nthawi iliyonse, ndipo mu Pleco sindikuwapeza.

Chisale_Avondale

Mu Anki pitani pa Export, sankhani mulu umenewo wokha, mtundu wa .apkg, chotsani chizindikiro pa mbali yonena za scheduling koma musiye cha media kuti mawu ndi zithunzi zipite nawo. Fayiloyo atumizireni pa WhatsApp kapena Bluetooth, akaitsegula ilowa yokha mu AnkiDroid. Ngati mungalole, nditumizireni nanenso. Sindinaonepo makadi a Chitchaina okhala ndi Chichewa kuseri.

Naphiri_womasulira

Ameneyo akunena 内存, nèicún, memore ya foni. Anthu ambiri a ku Sichuan ndi Hunan sasiyanitsa n ndi l, monga ife ndi l ndi r. Injiniya wathu wamkulu amatero, ndinatha sabata ndikufunafuna mawu amene kulibe. Mukamva l kwa mmisiri ameneyo ndipo dikishonale ikukana, yesani n. Pangani makadi awiri, lina ndi liwu lake lomwelo, lina ndi katchulidwe ka mu Pleco, kuti khutu lizolowere onse koma pakamwa panu pazituluka nèicún. Nditumizireni linki ya vidiyoyo, Lamlungu ndikaweruka ku tchalitchi ndimvetsera mphindi zisanu zoyamba ndikulembereni zina zimene akutembenuza.